Kusintha kampani ya intaneti ya panyumba mu Lusaka, ndi nkhani ya mtengo wa kasitomala watsopano

Aliyense amene amalipira intaneti ya panyumba mu Lusaka anaonapo chikwangwani kapena kapepala kolonjeza zabwino kwa kasitomala watsopano: mwezi woyamba waulere, kulumikiza kwaulere, rauta (kabokosi koulutsa Wi-Fi m'nyumba) yotsika mtengo, kapena data yowirikiza kawiri. Munthu amene wakhala akulipira mokhulupirika kwa zaka zitatu akaona zimenezi mtima umamuwawa, chifukwa mlendo akupheredwa nkhuku pamene iye wapakhomo akudyera masamba. Kusintha kampani si kulakwa, ndipo nthawi zina ndi njira yokhayo yopezera intaneti yabwino pa mtengo woyenera. Koma ambiri amene amadandaula atasintha anayambira kumapeto: anakopeka ndi mtengo, analipira, anadula intaneti yakale, ndipo pamenepo m'pamene anazindikira kuti netiweki ya kampani yatsopanoyo sifika bwino m'nyumba mwawo, kapena kuti malinga ndi malamulo a kampaniyo iwo sanali atsopano ayi. Mtengo wotsatsa uyenera kuganiziridwa pambuyo pa zinthu zitatu zimene ndiyambe nazo, ndipo intaneti yakale iyenera kudulidwa pomalizira penipeni.

Choyamba, pezani pamene pali vuto

Musanaganize za kampani ina, tsimikizani kuti vuto lili ku kampani imene muli nayo osati m'nyumba mwanu momwe. Tsegulani Speedtest ya Ookla kapena fast.com pa foni, imani pafupi ndi rauta, ndipo yezani liwiro katatu pa tsiku kwa mlungu wathunthu: m'mawa, masana, ndi madzulo pakati pa 19:00 ndi 22:00, nthawi imene anthu abwerako ku ntchito ndipo nyumba iliyonse ikuonera makanema. Lembani zotsatira zake m'kope pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Ngati muli ndi laputopu, ilumikizeni ku rauta ndi chingwe n'kuyezanso, popeza chingwe chimaonetsa liwiro lenileni limene likulowa m'nyumba, losasokonezedwa ndi zipupa. Kopelo mudzalifuna kawiri, pokambirana ndi kampani yakale komanso poyesa yatsopano.

Ngati pafupi ndi rauta liwiro lili bwino koma kuchipinda intaneti ikudukaduka, ndiye kuti vuto ndi Wi-Fi, ndipo kusintha kampani sikungalithetse. Zipupa za mabuloko, zitseko zachitsulo ndi firiji zimafooketsa siginolo. Marauta ambiri amaulutsa pa njira ziwiri: ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imadutsa bwino zipupa koma ndi yochedwerapo ndiponso imadzadza msanga pamene nyumba zili zothithikana, pamene ya 5 GHz imathamanga koma sipita patali. Ine ndinatsala pang'ono kusiya kampani ina pamene tinkakhala ku Chilenje, nditatopa ndi kuduka kwa mawu poyankhulana ndi mwana wa achemwali anga amene ali ku sukulu kunja. Rauta yathu ya SIM khadi inali mkati mwa kabati ya TV, kuseri kwa dikoda, pafupi ndi pansi. Nditaikweza pa shelefu pafupi ndi windo loyang'ana kumene kuli nsanja ya netiweki, timagetsi ta siginolo tinayaka tinayi m'malo mwa tiwiri, ndipo tinakhalanso ndi kampaniyo chaka china chathunthu.

Dziwaninso liwiro limene banja lanu likufunikiradi. Makampani amatsatsa liwiro mu Mbps, kutanthauza mamegabiti pa sekondi, pamene foni imaonetsa kukula kwa fayilo mu MB, amene ndi mamegabaiti. Baiti imodzi ili ndi mabiti 8, motero intaneti ya 20 Mbps imatsitsa pafupifupi 2.5 MB pa sekondi zonse zikakhala bwino. Netflix imalangiza 5 Mbps pa kanema wooneka bwino wa 1080p ndi 15 Mbps pa wooneka bwino kwambiri wa 4K, ndipo kanema wooneka bwino angadye data yofika 3 GB pa ola limodzi. Werengani mafoni, TV ndi makompyuta amene amakhala oyaka pa nthawi imodzi madzulo, osaiwala a mdzukulu amene amakhala nanu ndi a alendi a kunyumba ya kuseri ngati munawapatsa pasiwedi.

Chachiwiri, onani mmene munalowera kuti mudziwe potulukira

Anthu ambiri mu Lusaka amagula intaneti molipiriratu: bandulo ikatha masiku ake, mumagula ina kapena mumasiya, ndipo palibe amene angakulipitseni chifukwa chosiya. Ngati muli m'gulu limeneli, ntchito yanu ndi yochepa. Onani tsiku limene bandulo ikutha, ndipo zimitsani dongosolo lodzigulira yokha ngati munalitsegula, kuti ndalama zisachoke mu akaunti yanu ya pa foni mutasamuka kale.

Amene munasaina mgwirizano, makamaka pa faiba (intaneti ya chingwe cholowa m'nyumba) kapena pa intaneti ya mbale yomangirira padenga, funani pepalalo kapena imelo yake ndipo muyang'ane zinthu zitatu. Kodi munalonjeza kukhala miyezi ingati, ndipo yatsala ingati? Kodi muyenera kupereka chidziwitso cha masiku angati musanachoke, ndipo chikhale cholembedwa kapena foni ndi yokwanira? Nanga zipangizo ndi za yani? Funso lachitatuli ndi limene limagwetsa anthu m'mavuto. Rauta ina munaigula ndipo ndi yanu, ina munangobwerekedwa ndipo iyenera kubwezedwa ili bwino pamodzi ndi adaputa yake, ndipo ina munapatsidwa ulere pa pangano lakuti mukhale kasitomala kwa nthawi yakutiyakuti, kotero kuti mukachoka msanga mudzalipira mtengo wake. Ngakhale rauta imene ili yanu ingakhale yokhomedwa kuti izilandira SIM khadi ya kampani imodzi yokha. Bwerekani SIM ya kampani ina kwa mnansi n'kuiyesa, chifukwa yankho lake likuuzani ngati mudzafunika kugula rauta ina kapena ayi.

Chachitatu, fufuzani amene amafikadi pakhomo panu

Mu Lusaka intaneti ya panyumba imabwera m'njira zazikulu zitatu. Pali ya pa netiweki ya mafoni, ya 4G ndi 5G, yochokera ku makampani monga MTN, Airtel ndi Zamtel. MTN inayambitsa 5G mu Zambia mu 2022 ndipo Airtel inatsatira mu 2023. Pali faiba, chingwe chagalasi cholowa mpaka m'nyumba, imene makampani monga Liquid Intelligent Technologies, Zamtel ndi Paratus amayala. Ndiye pali ya setilaiti, imene inatchuka Starlink itayamba kugwira ntchito mu Zambia mu October 2023. Faiba ndi imene imakhala yokhazikika kwambiri, koma imayenda msewu ndi msewu, ndipo n'zotheka kuti mnzanu wa ku Woodlands kapena ku Kabulonga ali nayo pamene msewu wanu wa ku Chalala kapena ku Kanyama sunafikiridwe. Musakhutire ndi yankho lakuti dera lanu lili ndi netiweki. Perekani nambala ya poloti ndi dzina la msewu, kapena tumizani malo enieni a nyumba pa mapu a pa foni, ndipo pemphani kuti atsimikize molemba kapena atumize munthu adzaone.

Umboni woposa wonse ndi wa anansi. Pitani kwa amene ali ndi kampani imene mukuifunayo, makamaka wa mpanda umodzi ndi inu, ndipo mupemphe mwaulemu kuti muyeze liwiro pa foni yanu madzulo. Afunseni mmene intaneti imakhalira mvula ikagwa, ndi masiku angati amene amadikira akapereka dandaulo. Pa 4G ndi 5G mungathe kuyesa nokha ndi ndalama zochepa, pogula SIM khadi ndi bandulo yaing'ono n'kuzungulira nayo m'zipinda zonse masiku awiri kapena atatu. Pa setilaiti, mbale imafuna thambo loonekera bwino, choncho mtengo wa mango kapena wa mapeyala umene uli pafupi ndi denga ndi nkhani yoyamba kuiganizira, ndipo mvula yamphamvu ya pakati pa November ndi March ingathe kuidula kwa kanthawi.

Ngati mukukhala nyumba ya lendi, kambiranani ndi eni nyumba musanasaine chilichonse, chifukwa faiba imafuna kuboola chipupa ndipo nthawi zina kukumba kangalande kodutsa pabwalo, pamene mbale imafuna kukhomerera padenga. Alandilodi ambiri savuta akafunsidwa nthawi isanathe, koma amakwiya akapeza bowo limene sanauzidwe. Ganiziraninso za nthawi imene mukhale m'nyumbayo: rauta ya SIM khadi mumanyamula posamuka, koma faiba imatsala m'chipupa, ndipo mgwirizano wa miyezi 12 sungakhale wanzeru kwa munthu amene akuyembekezera kulowa m'nyumba yake ya ku Silverest pakatha miyezi isanu.

Magetsi nawonso alowe m'chiwerengero. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, malaiti ankazima maola ochuluka pa tsiku, ndipo aliyense anaphunzira kuti intaneti yothamanga yopanda magetsi ilibe ntchito. Rauta wamba imadya magetsi ochepa, pafupifupi mawati 10, ndipo kabatire kakang'ono ka UPS kangaiyendetse maola angapo. Faiba kawirikawiri imabwera ndi timabokosi tiwiri, kolandirira chingwe ndi rauta, ndipo tonse timafuna magetsi. Mbale ya setilaiti imadya kangapo kuposa pamenepo, motero imafuna batire lalikulu kapena sola.

Chachinayi, kodi kasitomala watsopano ndi ndani?

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa mawu akuti watsopano amatanthauza zimene kampani yalemba m'malamulo a pulomoshoni yake, osati zimene ife timaganiza. Inu mungadzione watsopano chifukwa simunakhalepo ndi rauta ya kampaniyo, koma kompyuta yawo imakuzindikirani m'njira zina, ndipo muyenera kudziwa njira imene akugwiritsa ntchito pa pulomoshoni imene mukuifuna.

Njira yofala kwambiri ndi ya chitupa. Malamulo a dziko amafuna kuti SIM khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo nambala ya NRC, imene ambiri timaitchula kuti reji, ndi imene imamanga pamodzi zonse zimene munagulapo ku kampani imodzi. Ndiye funso loyamba likhale lakuti: popeza ndili kale ndi nambala ya foni ya kampani yanu, kodi ndikuwerengedwa watsopano pa intaneti ya panyumba? Kawirikawiri foni ndi intaneti ya panyumba zimawerengedwa padera, koma musangoganiza choncho popanda kuona pamene zalembedwa. Ngati munagulapo MiFi (karauta kakang'ono koyenda nako m'thumba) kapena rauta kwa iwo zaka zapitazo n'kuisiya m'dirowa, nenani poyera, chifukwa akaipeza okha mutalipira kale, mtengo wotsikawo ungachotsedwe.

Njira ina ndi ya nyumba. Pa faiba, chingwe chikangolowa pa poloti, adiresiyo imakhala m'mabuku a kampani. Zimenezi zimakhudza kwambiri anthu a lendi: mungalowe m'nyumba imene mlendi wakale anali ndi faiba ya kampani yomweyo, ndipo mungauzidwe kuti kulumikiza kwaulere sikukukhudzani popeza nyumbayo inalumikizidwa kale, kapena kuti pa adiresiyo pali ngongole. Ngongole ya munthu wina si yanu. Tengani pepala la mgwirizano wa lendi losonyeza tsiku limene munalowa, ndipo pemphani kuti akutsegulireni akaunti yatsopano m'dzina lanu m'malo mopitiriza ya munthu amene anachoka. Ubwino wake ndi wakuti pamene chingwe chilipo kale, kulumikiza kumakhala kwachangu, ndipo muli ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti mtengo wake utsike. Pa mapoloti amene ali ndi nyumba zingapo mu mpanda umodzi, onetsetsani kuti alemba nambala ya nyumba yanu yeniyeni, kuti musasokonezedwe ndi mnansi amene ndi kasitomala wawo kale.

Palinso mapulomoshoni omangiriridwa ku chipangizo. Data yaulere imabwera ndi rauta yatsopano yogulidwa kwa iwo, ndipo imalowa pa SIM khadi imene ili m'bokosimo ikangoyatsidwa koyamba. Mukagula rauta yogwiritsidwapo kale ntchito pa Facebook kapena kwa mnzanu wa kuntchito, mphatsoyo inadyedwa ndi mwini woyamba, ngakhale inuyo mutakhala watsopano kotheratu. Mukabweranso ndi rauta yanu n'kungogula SIM, mwina simulandira kanthu. Ndiye yerekezani bwino: rauta yakale yotchipa yopanda mphatso, kapena yatsopano yodula yokhala ndi data komanso chitsimikizo chakuti ikawonongeka msanga adzaikonza kapena kuisintha.

Amene munakhalapo makasitomala a kampaniyo n'kuchoka, funsani za nthawi. Malamulo ena amati watsopano ndi amene sanakhalepo nawo chiyambire, ena amalola munthu amene papita miyezi yakutiyakuti asakugwiritsa ntchito akaunti yake, ndipo makampani ena amakhala ndi mtengo wapadera wokopera amene anachoka kuti abwerere. Ngati munasiya ngongole kapena simunabweze chipangizo chawo, konzani zimenezo poyamba, chifukwa zidzatulukira pa nambala ya reji yanu.

Pali njira imene anthu amanong'onezana, yolembetsa m'dzina la akazi awo, amuna awo kapena m'bale wina kuti banja lilandirenso mtengo wa watsopano. Ine maganizo anga ndi awa. Ngati malamulo a pulomoshoni akunena za munthu osati nyumba, ndipo wamkulu mnzanu wa m'nyumbamo wavomera ndi mtima wonse kukhala mwini akaunti, wapita yekha ndi reji yake ndipo wasaina yekha, palibe chinyengo. Koma ngati malamulo akunena kuti nyumba imodzi ilandire kamodzi, kusintha dzina ndi bodza, ndipo likadziwika mungalipitsidwe ndalama zonse zimene munachotseredwa. Chimene sindingavomereze n'komwe ndi kutenga reji ya amayi a kumudzi ku Chipata, ya wantchito wa pakhomo kapena ya mwana wa achimwene iwo osamvetsa chimene chikuchitika. Ngongole ikabwera imalembedwa pa dzina lawo, chilichonse cholakwika chochitidwa pa SIM imeneyo chimalondoleredwa kwa iwo, ndipo tsiku limene intaneti idzavute kampani idzafuna kuyankhula ndi mwini akaunti, osati inu.

Mayankho onsewa muwapeze olembedwa. Wogulitsa wa pa tebulo la panja pa shopu amalandira kangachepe pa kasitomala aliyense amene walembetsa, ndipo ngakhale ambiri ndi achinyamata oona mtima amene akufuna kupeza ya ufa, mawu awo a pakamwa samanga kampani. Pemphani malamulo a pulomoshoniyo, kaya pa pepala kapena pa webusaiti ya kampani, jambulani tsamba lonse pa foni tsiku likuoneka, ndipo muone tsiku limene pulomoshoni ikutha komanso ngati chowerengedwa ndi tsiku lolipira kapena tsiku lolumikizidwa. Kusiyana kumeneku n'kofunika pa faiba, pamene pangapite milungu pakati pa kulipira ndi kubwera kwa amisiri.

Chachisanu, werengani ndalama za chaka chonse

Mtengo wa mwezi woyamba sukuuzani zambiri. Tengani pepala n'kuwerengera miyezi 12. Manambala otsatirawa ndangowapeka kuti njira yake ioneke, si mitengo ya kampani iliyonse. Tinene kuti panopa mumalipira K800 pa mwezi, imene ndi K9,600 pa chaka. Kampani yatsopano ikulonjeza K500 pa miyezi itatu yoyamba, kenaka K900 pa mwezi, kulumikiza kwaulere, koma rauta ya K1,200. Miyezi itatu ikupanga K1,500, miyezi 9 yotsalayo ikupanga K8,100, ndipo mukaphatikiza rauta zonse zikufika K10,800. Ngati kampani yakale ikufuna chidziwitso cha mwezi umodzi, onjezani K800, ndipo mwafika pa K11,600. Ndiye kuti chaka choyamba mwalipira K2,000 yoposa imene mukanalipira mukanakhala. Zimenezi sizikutanthauza kuti musasinthe; ngati intaneti yatsopanoyo ndi yokhazikika ndipo ntchito yanu imadalira misonkhano ya pa Zoom, K2,000 imeneyo ingakhale yoyenera. Chofunika n'chakuti musinthe mukudziwa kuti mukugula ubwino osati kutchipa.

Powerengera, funsani ngati mtengo wotchulidwawo ukuphatikiza misonkho yonse. Funsaninso za mawu akuti unlimited, chifukwa mabandulo ambiri otchedwa opanda malire ali ndi lamulo lotchedwa fair usage, lakuti mukadutsa mlingo wina wa data liwiro limatsitsidwa mpaka mwezi utatha. Dziwani mlingowo mu GB ndi liwiro limene mudzatsale nalo. Ngati mphatso ndi data yowonjezera, onani ngati ili ya nthawi iliyonse kapena ya usiku wokha, komanso masiku amene imatha. Ndipo ngati kulumikiza kuli kwaulere, pezani chiganizo chonena zimene mudzalipire mukachoka nthawi ya mgwirizano isanakwane.

Muli ndi pepala limeneli m'manja, bwererani kaye ku kampani yanu yakale, ku ofesi kapena pa foni. Auzeni mwaulemu zaka zimene mwakhala nawo, aonetseni kope la liwiro, ndipo nenani mtengo umene mwapeza kwina. Nthawi zina amakusamutsirani ku bandulo yatsopano imene makasitomala akale sanauzidwe, kapena amatumiza mmisiri kudzasintha chipangizo chotopa. Akakana simunataye kanthu, ndipo mwapezerapo mwayi wofunsa njira yeniyeni yotsekera akaunti.

Chachisanu ndi chimodzi, lembetsani, yesani, kenaka tsekani yakale

Lembetsani ku ofesi ya kampani, kwa wogulitsa wovomerezeka, kapena pa webusaiti yake yeniyeni. Tengani NRC, kapena pasipoti ngati ndinu mlendo m'dziko, ndipo pa faiba khalani okonzeka kusonyeza umboni wa malo amene mukukhala. Musatumize chithunzi cha reji yanu pa WhatsApp kwa munthu amene mwangomupeza pa intaneti, ndipo musalipire ku nambala ya foni ya munthu wamba ngakhale atavala sikipa ya kampani. Ndalama zipite ku akaunti ya kampani ndipo mulandire risiti. Pa risiti kapena pa fomu pakhale dzina la pulomoshoni, mtengo wake, miyezi yake ndi mtengo wa pambuyo pake. Ngati palibe, pemphani kuti alembe musanachoke pa kauntala.

Tsiku lolumikiza khalanipo nokha. Sankhani malo a rauta pakati pa nyumba, pamwamba, kutali ndi kabati, ndipo musalole kuti iikidwe pakona chifukwa chakuti m'pamene chingwe chafika mosavuta. Amisiri asanachoke, yezani liwiro ndi chingwe komanso pa Wi-Fi, jambulani zotsatira zake, lembani manambala a zipangizo zimene asiya, ndipo sinthani pasiwedi yolowera mu rauta imene inabwera nayo kuchokera ku fakitale. Kuti musavutike kulumikizanso TV, mafoni ndi makamera a pageti chimodzichimodzi, mungapatse Wi-Fi yatsopano dzina ndi pasiwedi zofanana ndendende ndi zakale pa tsiku limene muzimitse rauta yakale, ndipo zipangizo zambiri zidzalumikizika zokha. Koma ngati pasiwedi yakaleyo inafalikira mpaka kwa anansi, ino ndiyo nthawi yoisintha.

Siyani intaneti yakale ikugwirabe ntchito kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Ndalama za masiku amenewa zimaoneka ngati zotayika, koma ndi zochepa poyerekeza ndi kukhala opanda intaneti ana ali pa mayeso. M'masikuwa yezani yatsopano pa nthawi zomwe zija za m'kope, makamaka madzulo ndi pamene malaiti azima. Ikalephera kufika pafupi ndi zimene analonjeza, dandaulani nthawi yomweyo molemba, popeza makampani amene amalola kubweza chipangizo amapereka masiku owerengeka.

Mukakhutira, tsekani yakale motsatira mgwirizano. Lembani kalata kapena imelo yokhala ndi dzina, nambala ya akaunti ndi tsiku limene mukufuna kuti atseke, ndipo pemphani yankho lotsimikiza komanso bilu yomaliza yosonyeza kuti palibe chotsala. Ngati munalola kuti azidula ndalama ku banki mwezi ndi mwezi, kaimitseni dongosololo ku banki bilu yomaliza ikalipidwa. Pobweza zipangizo, bwezeretsani rauta mmene inalili pochoka ku fakitale podina kabatani ka reset, ndipo mulandire pepala losainidwa lokhala ndi nambala ya chipangizocho. SIM khadi ya mu rauta yakale musangoitaya: ngati munagwiritsapo nambala yake pa banki kapena pa akaunti ina iliyonse, sinthani zimenezo poyamba, chifukwa nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali imatsekedwa n'kupatsidwa munthu wina.

Lonjezo likapanda kukwaniritsidwa

Bilu yoyamba muiwerenge mzere ndi mzere, chifukwa m'pamene zimaonekera ngati kompyuta ya kampani yakulandirani monga watsopano. Mtengo wotsika ukapanda kuoneka, kapena data ya mphatso ikapanda kulowa, yambani ndi kampani yomweyo. Perekani dandaulo, pemphani nambala ya dandaulolo, ndipo lembani tsiku ndi dzina la nthambi imene mwayankhula nayo. Akapanda kukuthandizani, pitani ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, ndipo nambala yake yaulere ndi 7070. Adzafuna kudziwa ngati munayamba mwadandaula ku kampani, n'chifukwa chake nambala ya dandaulo ija ili yofunika. Ngati nkhani ndi ya kutsatsa kosocheretsa, monga kulonjeza pa chikwangwani zimene malamulo a mkati akukana, bungwe la CCPC, limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la 2010 loteteza ogula ndi kuona za mpikisano wa malonda, ndi limene limamva madandaulo otere. Kulikonse kumene mupite, nyamulani risiti, chithunzi cha malamulo a pulomoshoni ndi kope la liwiro.

Tsiku limene mtengo wotsika ukutha mulilembe pa kalendala ya pa foni, ndipo chikumbutso chilire kutatsala milungu iwiri, kuti mudzakhale ndi nthawi yosankha bandulo yoyenera musanayambe kulipira mtengo wonse. Lembaninso tsiku limene mgwirizano ukutha pamodzi ndi masiku a chidziwitso, ndipo mapepala onsewa muwasunge mu envulopu imodzi ndi pepala la lendi.